Geti la Vincent ndi Nzimbe za Anesi

Anesi anakodwa pa geti cha m'ma seveni m'mawa, mtolo wa nzimbe uli pamutu. Kupita kutsogolo kunakanika, kubwerera kunakanikanso. Nsonga za nzimbe zinali zitalowa mumsika, matsinde ali kunja, mwini wake ali pakati akutukwana m'Chilomwe.

"Tembenukirani kumanzere, mayi!" anakuwa Vincent, fayilo ili kukhwapa. "Kumanzere kenako kumanja, basi!"

Anesi anatembenuka. Matsinde a nzimbe anakantha mlonda pakhutu, chipewa n'kugwa.

Getilo linali la zitsulo zokhotakhota ngati mpata wolowetsera ng'ombe ku dibi. Pamwamba pake panali chitsulo china chopingasa, chonyamula chikwangwani cha bungwe limene linatimangira msikawo. Titamukoka Anesi chambuyo ngati mbuzi yokodwa mumpanda, anabwera Millie. Millie ndi mayi wamtali, ndipo nanazi amasenza m'mabeseni atatu osanjikiza. Pa zitsulo zokhotazo anadutsa cham'mbali mwaluso, ife mpaka kumuombera m'manja. Chikwangwani ndiye sanachione. Tinangomva kuti gwa! Nanazi zinagubuduka mpaka pa tala. Minibasi ya ku Blantyre inaima mwadzidzidzi, kondakitala anatola ziwiri n'kutibayibitsa.

Ine ndinali wachitatu pamzere, beseni la nyemba za kalongonda lili pamutu. Ndinayang'ana geti, ndinayeza beseni langa ndi manja, ndinatembenuka. Ndinabwerera m'mbali mwa msewu pamene ndakhala ndikugulitsa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo amayi onse ananditsatira. Pofika eyiti koloko, mumsika watsopano wa pa Nakhulo munali anthu awiri okha: mlonda atagwira khutu, ndi Vincent.

Vincent ameneyu ndi mwana wa mng'ono wanga Rosie, yemwe anatisiya mwanayo ali sitandade foro. Ndinamulera ine, ndi kalongonda yemweyu. Anaphunzira za kamangidwe ka mizinda ku Blantyre, kenako bungwe lomanga msika lija linamulemba ntchito n'kumutumiza kunja masabata atatu. Atabwerako, nyumba yanga inadzaza mizinda. Ukamupatsa chinangwa, akuuza za ku Lagos kumene munthu amatha maola atatu ali m'galimoto yosayenda. Ukamupatsa tiyi, akuuza za ku Mumbai kumene mabanja amakhala m'zisakasa pafupi ndi nyumba zosanja zagalasi. Ku Bogota akuti Lamulungu amatseka misewu ina kuti anthu aziyendamo momasuka. Koma mzinda wake wa pamtima unali Copenhagen, kumene njinga zili ndi msewu wakewake ndipo palibe aliyense akuwa.

Musaganize kuti msikawo sitinkaufuna. M'mbali mwa msewu si malo. Chiperoni chikatsika m'phiri timanyowa ife ndi malonda omwe, ndipo chaka chatha lole ya tiyi inatenga benchi ya Cathy iye atangodzuka kumene kupita kukapempha machesi. Msika umene Vincent anajambulawu unali ndi denga labwino, mipopi iwiri ndi ngalande zoti madzi azidutsa. Cholakwika chinali chimodzi: munthu samatha kulowamo.

Ankanena kuti anafunsa maganizo a anthu asanajambule. Anafunsadi. Msonkhano wake anauitanitsa Lachiwiri teni koloko, tsiku la msika, nthawi imene mayi aliyense amakhala ali pa malonda. Anabwera amuna a pa bawo, aphunzitsi ena opuma ntchito, ndi mlaliki mmodzi amene ankayesa kuti kukhala zakumwa. Onsewo anabwera manja ali m'thumba. Anawaonetsa chithunzi cha geti, iwo anati ndi lokongola zedi.

Lachitatu m'mawa ndili kuseri kwa nyumba ndikutaya madzi a kalongonda, ndinamva nsapato. Kalongonda safuna phuma. Umawiritsa, umataya madzi, umawiritsanso, umatayanso, apo ayi udwalitsa anthu. Choncho sindinatembenuke.

"Amayi aakulu, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka. Gwira mphika uku."

Anagwira, nthunzi n'kumuphimba magalasi.

"Amayi aakulu, Lachisanu kukubwera abwana a ku Lilongwe ndi mlendo wa kunja kudzaona msika. Akapeza mulibe anthu, ntchito yanga yatha. Andiuza kale pa foni. Amayi onse aja amamvera inu. Auzeni alowe."

"Alowere pati? Padenga?"

"Akhoza kutula katundu panja, n'kumalowetsa pang'onopang'ono pamanja. Lachisanu lokha, alendo ajambule zithunzi."

"Nanga Loweruka?"

Anatula mphika pansi, n'kuyamba kupukuta magalasi ndi malaya.

"Ine sindinamiza alendo, Vincent. Chotsa zitsulo zija."

"Sizitheka. Kusintha pulani kumafuna kalata, kalatayo isainidwe ndi anthu atatu. Zimatenga miyezi itatu. Komanso geti lija lili ndi cholinga. M'mizinda yonse yadongosolo amaika zotere kuti njinga zamoto zisalowe pamalo oyenda anthu. Ndinayeza bwinobwino, munthu amadutsa."

"Chabwino," ndinatero. "Ndiwauza alowe. Koma uyambe iwe kulowetsa kalongonda wanga lero."

Anaseka, akuyesa nthabwala. Ine ndinali nditapinda kale nkhata.

Kuchokera kwathu kukafika pa msika ndi mtunda wongokwana kuimba nyimbo zitatu za kwaya. Vincent anayenda ngati wameza ndodo. Beseni analigwira ndi manja onse awiri, khosi likunjenjemera, madzi a kalongonda akutsikira m'kolala ya malaya oyera. Ine ndinali pambuyo ndi fayilo yake kukhwapa. Titafika pa siteji, a kabaza anaimirira onse.

"Abwana a Kopenageni! Mbale imodzi kuno, muthire tsabola wambiri!"

"Aunjiniya, akukwatirani liti?"

Che Ramadani, amene amagulitsa nyama ya mbuzi, anasiya kunola mpeni n'kutitsatira. Anesi ndi Millie anatitsatiranso. Pofika pa mpanda wa msika tinali gulu ngati tikuperekeza mkwatibwi.

Vincent anafuna kudutsa chidule pa kapinga. Ndinamukoka malaya.

"Iyayi. Tsata njira yako."

Pakhomo pa msika anali ataikapo kamunda ka maluwa kozungulira, ndi njira ya njerwa yokazungulira mokhotakhota, akuti kuti munthu azipuma maganizo asanalowe. Anazungulira. Maganizo ake sanaoneke ngati akupuma.

Kenako geti. Analowa mpata woyamba, mkombero wa beseni unagunda chitsulo. Anapendekeka, kalongonda anathamangira mbali imodzi, ine mtima unaima. Anawongoka, anayenda cham'mbali ngati nkhanu, n'kufika pa chikwangwani. Apo anaima. Vincent ndi wamtali ngati malemu bambo ake.

"Werama," anatero Millie. "Ine dzana unandiuza kuti ndikanawerama."

Anapinda mawondo pang'onopang'ono mpaka kunjuta. Anadutsa pansi pa chikwangwani akukhwekhwereza mapazi. Ndiye inakwana nthawi yodzuka. Amene sanasenzepo sadziwa kuti kutsika ndi katundu ndi kosavuta, kukwera naye ndiye nkhani. Anayesa kamodzi, miyendo inakana. Anayesanso, buluku linalankhula kumbuyo.

"Amayi aakulu," anatero chapansipansi, "nditulenitu."

"Dikira kaye. Munthu amene unamuyeza pojambula geti ili ndi ndani?"

"Ali m'buku. Muyeso wa munthu ndi wodziwika dziko lonse."

"Wasenza chiyani munthu wa m'bukuyo?"

"Sanalembe."

"Wabereka mwana kumsana?"

"Sanalembe."

"Nanga akanjuta chonchi, amamutula ndani?"

"Amayi aakulu, khosi!"

Tinamutula ine ndi Anesi. Anakhala pansi pomwepo, msana atatsamira geti lake, akupuma ngati wathamangitsidwa ndi galu. Anthu anaseka mpaka ena kugwira mpanda. Ine sindinaseke kwambiri, ndi mwana wanga. Ndinamupatsa chitenje kuti amange m'chiuno, chifukwa cha buluku lija.

Anayang'ana zitsulozo. Kenako anati, "Ndikadula popanda kalata, andichotsa ntchito. Ndikapanda kudula, msika ukhala wopanda anthu, andichotsanso."

"Ndiye sankha kuchotsedwa kumene kutisiyire msika," ndinatero, n'kunyamula beseni langa. Makasitomala anali akudikira.

Lachinayi m'mawa ndinamva makina akulira kumsika. Vincent anali atabweretsa Hudson, wowotcherera zitsulo wa pa Chonde, ndi jenereta yake pa njinga. Hudson anadula zokhotakhota zonse osafunsa mafunso, kenako anatulutsa tepi yoyezera.

"Mpata ukhale wotani, bwana?"

Vincent anatsegula fayilo, anaitsekanso. "Itanani mayi Anesi. Abwere ndi mtolo."

Anesi anabwera akudzikoka, akuti akutayitsidwa nthawi, koma ndinaona kuti wasankha nzimbe zazitali kuposa zonse. Anaima pakati pa geti n'kuzungulira kamodzi. Pamene panafika nsonga, Hudson analemba ndi choko. Kenako Millie ndi mabeseni ake atatu. Hudson anakwera pa mpando, anayeza pamwamba pa nanazi yomaliza n'kuwonjezera chikhato chimodzi.

"Wonjezerani ziwiri," anatero Millie. "M'Disembala nanazi zimakhala zazikulu."

Vincent analemba m'kope lake: m'lifupi, Anesi mmodzi wozungulira; msinkhu, Millie mmodzi ndi zikhato ziwiri.

Chikwangwani chili pansi kudikira miyendo yatsopano, mpata uli yasa, Vincent anayambanso za njinga zamoto. Ife tinamuuza kuti asiye za ku Ulaya. Mawu ali m'kamwa, wa kabaza wina anatulukira ndi pasinjala wonenepa, anaona mpata, analowa osachepetsa liwiro n'komwe, n'kukaima pakati pa tomato wa Cathy yemwe anali atangoyala kumene pofuna kuyesa malo. Cathy anamuthamangitsa ndi lichero mpaka pa tala.

Apa ndiyenera kunena chilungamo: mwanayo sanali kunama. Ndinamuuza pamaso pa anthu kuti za njingazi ananena zoona. Sindinabwereze, kamodzi n'kokwana.

Vincent anayang'ana tomato wophwanyikayo, anayang'ana Anesi, anayang'ana njinga ija. Anadzigwira pakhosi pamene panali pakupwetekabe.

"Katundu wa amayi ndi wotakata pamwamba," anatero. "Njinga yamoto ndi yotakata pansi. A Hudson, zidutswa zija musataye. Tidule zofika m'mawondo, tizike mzere m'simenti, motalikirana pang'ono. Miyendo izidutsa, beseni lizidutsa pamwamba, injini izikodwa."

"Zimenezo munaziona ku Kopenageni?" anafunsa Che Ramadani.

"Ayi. Ndinaziona dzulo, ndili chonjuta."

Che Ramadani anadandaula kuti mbuzi yake amabweretsa pa njinga yakapalasa. Anesi anamuuza kuti mapewa anapatsidwa kuti azigwira ntchito. Pomaliza tinagwirizana kuti cham'mbali pakhale kachitseko ka mawilibala ndi njinga za olumala, kiyi ndizisunga ine.

Lachisanu pofika naini koloko msika unali utadzaza. Sindinachite kukakamiza munthu. Chiperoni chinali chitatsika, ndipo aliyense ankafuna denga. Galimoto ziwiri zoyera zinafika cha m'ma leveni. Munatuluka a Namacha, bwana wa Vincent, atavala suti yotuwa, ndi mayi wina wa ku Ulaya, wa tsitsi lalifupi ndi nsapato za mphira, amene akuti ndiye amayang'anira zitukuko za bungwelo m'maiko asanu ndi awiri.

A Namacha anamwetulira ataona anthu. Kenako anaona geti. Anatulutsa pepala m'thumba, anayang'ana pepala, anayang'ana geti. Tizitsulo tija tinali tisanapakidwe penti, ndipo chikwangwani chinali m'mwamba moti kuti uchiwerenge unkayenera kugwira chipewa.

"Vincent, geti la pa pulani lili kuti?"

Vincent anayankha motsitsa mawu. Ndinali pafupi, ndinamva.

"Ndadula, bwana."

"Wakuloleza ndani?"

"Palibe. Ndinalakwitsa poyeza. Amayi samatha kulowa ndi katundu."

"Lolemba ubwere ku ofesi ndi makiyi a njinga ya bungwe," anatero a Namacha motsitsa mawu, mano ali pamtunda chifukwa cha mlendo.

Mwana wa Rosie anangoti, "Chabwino, bwana."

Ine zokambakamba sindizitha, ndipo Chingerezi changa chinathera sitandade sikisi. Koma alendo ndawaona ambiri pa msewu uwu akupita kukakwera phiri, ndipo ndikudziwa chinthu chimodzi chimene onse amachilakalaka. Mayi wa ku Ulaya uja anali atasiya kumvera a Namacha. Maso ake anali pa Millie, amene ankabwera ndi mabeseni ake atatu, manja ali lende. Millie anadutsa pa geti osachepetsa liwiro, nanazi yapamwamba n'kupita pansi pa chikwangwani bwinobwino.

Ndinapinda nkhata, ndinapita kwa mlendoyo, ndinaloza mutu wake.

Anasangalala ngati mwana. Tinamusenzetsa beseni laling'ono la mapeyala, tinamutulutsa kunja kwa mpanda, n'kumuuza kuti alowe. Anayenda ngati Vincent, khosi likunjenjemera, zigongono zili tambalala uku ndi uku. Anadutsa pakati pa tizitsulo, zigongono zinadutsa, beseni linadutsa. Amayi anaimba nthungululu. Titamutula anapempha pepala la a Namacha lija, analiyang'ana, anatambasulanso zigongono n'kupukusa mutu. Kenako anayamba kulankhula mofulumira, akujambula tizitsulo tija ndi foni mbali zonse.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa Vincent.

"Akuti pa geti lakale sakanadutsa. Akuti ku Asia anamanga misika iwiri imene anthu anaikana, ndipo mpaka lero sakudziwa chifukwa. Akufunsa kuti tinayeza ndi chiyani."

"Muonetse kope lako."

Anamuonetsa. Anawerenga za Anesi mmodzi wozungulira, anaseka mpaka kukhala pa thumba la makala. Anati nkhaniyi akaifotokoza ku msonkhano wa za mizinda ku Barcelona.

Apa a Namacha anakhosomola, anakonza tayi, n'kuyamba kulankhula. Vincent ankandimasulira chapansipansi. Akuti bungwe lawo kuyambira kale limalimbikitsa antchito ake kumvera anthu. Akuti iwo eni ndi amene anamuuza mnyamatayu kuti asamaope kusintha pulani. Polankhula anaika dzanja paphewa la Vincent. Za makiyi sizinamvekenso.

Anesi anandinong'oneza kuti bwanayo naye timusenzetse. Ndinati ayi, suti ija yaoneka yobwereka.

Patapita masabata awiri, Vincent anapatsidwa ntchito yojambula msika wina kumbali ya Milonde. Ndinamuperekeza pa siteji. Tikudikira minibasi, anatulutsa foni.

"Amayi aakulu, taonani. Kumeneko msewu umadutsa pakati, ndiye ndaganiza zoika mlatho wodutsa pamwamba, ngati ya ku Nairobi. Anthu sazigundidwanso."

"Masitepe angati?"

"Makumi atatu kukwera, makumi atatu kutsika."

Ndinamuyang'ana. Iye anayang'ana foni, kenako anadzigwira pakhosi.

Ndinamasula pangodya ya chitenje, ndinatulutsa nkhata ija, ndinaiika m'fayilo yake pamwamba pa mapepala.

"Tamvera, Vincent. Mizinda ya anzathu uziionabe, sindikukuletsa, za njinga zija unatithandiza. Koma ukafika ku Milonde usakayambe ndi pensulo. Msonkhano usakaitanitse tsiku la msika. Ukafunefune mayi wosenza kwambiri kuposa onse, umupemphe katundu wake, uyende naye kuchokera kumene amachokera mpaka kumene amakhala, ndipo ukayendenso tsiku la mvula. Ukatero ndiye ujambule. Ine ndakalamba, sindingamakutsatire msika uliwonse ndi chitenje chokubisira buluku. Ulendo uno ukachite bwino poyamba pomwe, wamva?"